Kodi Arch Linux ndi ya munthu woyamba kumene? Mafunso ndi mayankho kwa anzathu a ku Mzuzu

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale. Malaputopu ambiri omwe timagula kuno ndi oti anagwirapo kale ntchito kunja, ndipo ena mwa iwo Windows 11 imawakana chifukwa alibe kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 kapena purosesa yake ndi yakale. N'chifukwa chake nkhani ya Linux, yomwe munthu angaike pa kompyuta m'malo mwa Windows, yayamba kumveka m'mahositelo a ku Luwinga ndi m'timashopu tokonzera mafoni m'tauni. Ndiye pali anyamata ena omwe akangomva kuti mukufuna Linux amathamangira kunena kuti, "Aise, ika Arch, zinazo n'za ana." Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe anthu amafunsa akamva mawu amenewo.

Arch Linux ndi chiyani?

Mtima wa Linux, womwe amautcha kernel, anauyamba Linus Torvalds ku Helsinki m'dziko la Finland mu 1991. Mtima wokhawo sungakuthandizeni kulemba kalata kapena kuonera vidiyo, choncho magulu osiyanasiyana amautenga n'kuuphatikiza ndi mapulogalamu ena kuti pakhale chinthu choti munthu aike pa kompyuta. Debian inayamba mu 1993. Ubuntu inabwera mu 2004, ndipo mwini maganizowo ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Linux Mint inatsatira mu 2006. Foni yanu ya Android nayonso ili ndi mtima womwewu m'kati mwake.

Arch anaiyamba Judd Vinet wa ku Canada mu 2002. Mfundo yake ndi yoti isakusankhireni kalikonse. Mukaiika mwa njira yake yeniyeni simupeza zithunzi, simupeza pokanikiza ndi mausi, ngakhale pulogalamu yotsegulira intaneti mulibe. Mumapeza sikirini yakuda ndi kamzere kothwanima kodikira kuti mulembe lamulo. China chilichonse mumaika nokha.

Nanga imasiyana bwanji ndi Ubuntu kapena Mint?

Mint ili ngati malaya osokasoka a m'sitolo: mwayesa, akukwanani, mwavala. Arch ili ngati nsalu ya ku Taifa yomwe mwagula n'kupatsidwanso makina osokera, telala wake n'kukhala inu nomwe. Malayawo akhoza kutuluka okwana bwino kuposa a m'sitolo, koma tsiku loyamba mudzakhala mukuphunzira kulowetsa ulusi.

Kusiyana kwina, komwe ambiri sakuganizira, ndi kwa kasinthidwe. Ubuntu imatulutsa mtundu wokhalitsa zaka ziwiri zilizonse m'mwezi wa Epulo, n'kumausamalira kwa zaka zisanu. Mint 22 inamangidwa pa Ubuntu 24.04 ndipo idzasamalidwa mpaka 2029. M'zaka zonsezo zinthu zikuluzikulu sizisuntha, amangotseka mipata ya akuba ndi kukonza zolakwika. Arch ilibe mtundu woyamba, wachiwiri kapena wachitatu. Imangoyenderera. Pulogalamu ikatuluka yatsopano kwa eni ake, pakapita masiku ochepa yafika kale kwa inu. Ubwino wake ndi woti mumakhala ndi zatsopano nthawi zonse. Kuipa kwake ndi koti zatsopanozo nthawi zina zimabwera ndi mavuto atsopano, ndipo woyamba kuwaona ndinu.

Tiuzeni mwachindunji: woyamba angayambire pa Arch, inde kapena ayi?

Ngati laputopu muli nayo ndi imodzi yokhayo, ndipo m'menemo ndi momwe muli maasainimenti, ma CV, zithunzi za ukwati wa achemwali ndi mabuku a bizinesi, yankho langa ndi ayi. Yambirani pa Mint kapena Ubuntu.

Ngati muli ndi kompyuta ina yomwe ingathe kukhala yakufa sabata yathunthu popanda wolira, ndipo cholinga chanu ndi kudziwa momwe kompyuta imagwirira ntchito m'kati, ndiye inde. Palibe lamulo loti munthu adzayambe wakhala zaka pa Ubuntu.

Zoti Arch ndi ya anthu anzeru kwambiri sindigwirizana nazo. Aliyense wotha kuwerenga Chingerezi modekha n'kutsatira malangizo osadumpha mzere akhoza kuiika. Chomwe imafuna si nzeru zapadera ayi, koma zinthu zitatu zomwe kuno n'zodula: bandulo, magetsi odalirika, ndi nthawi. Mnzathu wa ku Ulaya amene amati Arch ndi yosavuta ali ndi intaneti yosawerengera komanso kompyuta yachiwiri patebulo pomwepo. Malangizo ake si abodza, kungoti sanalembere munthu wa ku Chibavi amene akutchera intaneti kuchokera pa foni.

Kuika kwakeko kumavuta pati?

Mumatsitsa fayilo ya Arch, yomwe imatuluka yatsopano mwezi uliwonse ndipo imaposa gigabaiti imodzi, n'kuilemba pa fulashi ndi pulogalamu ngati Rufus kapena Ventoy. Musanayatse kuchokera pa fulashiyo muyenera kuzimitsa chitetezo chotchedwa Secure Boot mu BIOS, malo osinthira momwe kompyuta imadzukira, chifukwa fayilo ya Arch siidzuka ikakhala yoyatsa. Mint ndi Ubuntu zimadzuka bwinobwino.

Kenako ntchito iyambike. Wi-Fi mumailumikiza polemba malamulo mu iwctl. Hadi disiki mumaigawa nokha ndi fdisk kapena cfdisk, ndipo apa ndi pomwe anthu amalira, chifukwa mukasokoneza maina a madisiki monga sda ndi sdb mwafufuta disiki yolakwika ndipo palibe amene akufunseni kawiri. Mumafomata zigawozo, mumaika maziko ndi pacstrap, mumalemba fayilo ya fstab yomwe imauza kompyuta kuti chigawo chilichonse chikhale pati, mumalowa m'nyumba yatsopanoyo ndi arch-chroot, mumaika nthawi pa Africa/Blantyre, mumapanga dzina lanu ndi pasiwedi, kenako mumaika kapulogalamu kodzutsa kompyuta monga GRUB.

Msampha wodziwika kwambiri uli kumapeto. Munthu amamaliza zonse, amachotsa fulashi mosangalala, kompyuta imadzuka, koma intaneti palibe, chifukwa anaiwala kuika NetworkManager. Popanda intaneti sangatsitse pulogalamu yolumikizira intaneti. Njira yake ndi kubwezeranso fulashi ija, kulowanso ndi arch-chroot, n'kuika chomwe chinaiwalikacho. Amene wadutsapo pamenepa saiwalanso moyo wake wonse, ndipo kunena zoona kuphunzira kwa Arch kumakhala kotereku.

Ati pali archinstall yomwe imachita zonsezi yokha?

Ilipo, ndipo yakhala ikubwera limodzi ndi fayilo ya Arch kuyambira mu 2021. Imakufunsani mafunso, inu n'kumasankha: chilankhulo, disiki, maonekedwe omwe mukufuna monga KDE Plasma, GNOME kapena Xfce. Intaneti ikakhala yabwino, zonse zimatha msanga.

Koma yapeputsa tsiku limodzi lokha. Mawa lake kompyutayo ndi Arch ndithu, ndipo ikadzakana kudzuka pakatha miyezi itatu, amene anaika pamanja amadziwa poyambira pomwe amene anangosankha mayankho sadziwa n'komwe kuti GRUB n'chiyani. Ngati chomwe mukufuna ndi kuphunzira, ikani pamanja ulendo woyamba. Ngati chomwe mukufuna ndi kompyuta yogwira ntchito msanga, ndiye mukuvutikiranji ndi Arch?

Imadya bandulo yochuluka bwanji?

Funso ili ndi lomwe liyenera kukhala loyamba kwa ife.

Fayilo ya Mint ndi ya magigabaiti pafupifupi atatu, yaikulu kuposa ya Arch. Koma muli zonse: LibreOffice yolembera makalata, Firefox yotsegulira intaneti, zoonera zithunzi. Mnzanu mmodzi akaitsitsa pa Wi-Fi ya kusukulu kapena kuntchito, fulashi imodziyo ikhoza kuzungulira hositelo yonse, ndipo mutha kuika popanda intaneti n'komwe. Fayilo ya Arch ndi kiyi chabe. Zenizenizo zimatsitsidwa pa nthawi yoika, kompyuta iliyonse payokha, ndipo netiweki ikaduka pakati mumayambiranso lamulolo.

Chachikulu ndi cha pambuyo pake. Pa Arch, pulogalamu ikasintha pang'ono mumatsitsa yonse yathunthu. Kernel imasintha pafupipafupi, Firefox chimodzimodzi, ndipo ngati munaika KDE Plasma ndi LibreOffice, si zachilendo kupeza apudeti ya mamegabaiti mazanamazana mutangokhala sabata imodzi kapena ziwiri. Wina anganene kuti, ndiye ndizingosankha zofunika zokhazo. Pamenepo ndiye pali vuto. Eni ake a Arch amanena momveka kuti kusintha mapulogalamu ena n'kusiya ena n'kosavomerezeka, chifukwa mapulogalamuwa amadalirana, ndipo latsopano likakumana ndi lakale zinthu zimasweka. Pulogalamu yomwe imaika ndi kusintha mapulogalamu pa Arch ndi pacman, ndipo lamulo lake ndi pacman -Syu, zonse pamodzi. Tsono tsiku lomwe mukufuna kapulogalamu kakang'ono kamodzi mutakhala mwezi osasintha kanthu, kakhoza kukukokerani apudeti yonse ya mwezi umenewo.

Kukhalitsa osasintha nakonso kuli ndi zake. Makiyi otsimikizira mapulogalamu amakalamba, ndipo pacman imayamba kukana zomwe yatsitsa mpaka mutayamba mwasintha archlinux-keyring. Wophunzira wopita kumudzi ku Euthini kapena ku Chitipa holide yonse akabwerako amapeza ntchito ikumudikira.

Pali kanzeru kamodzi kothandiza ngati muli angapo. Chilichonse chomwe pacman yatsitsa imachisunga mu /var/cache/pacman/pkg. Mmodzi akatsitsa, enawo akhoza kukopera mafayilowo pa fulashi n'kuwaika m'malo omwewo pa makompyuta awo, ndipo pacman siitsitsanso zomwe yazipeza kale. Bandulo ya usiku ya TNM kapena Airtel imodzi ikhoza kutumikira anthu atatu.

Magetsi akazima ili pakati pa apudeti?

Ngati batire ya laputopu yanu ndi yamoyo, palibe chodetsa nkhawa. Koma malaputopu ambiri ogula m'manja batire yake inafa kalekale, chaja ikangosuntha basi yazima. Ikazimira pa nthawi yomwe pacman ikutsitsa, vuto ndi laling'ono: mumachotsa kafayilo kotchedwa db.lck komwe yasiya, n'kuyambiranso. Ikazimira pa nthawi yomwe ikulemba kernel yatsopano, kompyuta ikhoza kukana kudzuka, ndipo mufunika fulashi ya Arch ija kuti mulowe mukakonze. Izi zingachitikenso pa Mint ngakhale pa Windows, koma Arch imasintha zinthu za m'kati kawirikawiri, choncho mpata wokumana ndi tsokali ndi waukulu. Nyengo ya mvula ino ya kwathu, yomwe imatha kugwa mpaka miyezi yomwe anzathu a ku Lilongwe aiwala kale ambulera, musamayambe apudeti kunja kukugunda mabingu.

Laputopu yanga ndi yakale, RAM yake ndi 4 GB. Si ndiye Arch ndi yabwino poti ndi yopepuka?

Ndi yopepuka chifukwa mulibe kanthu. Mukaikamo GNOME ndi Chrome n'kutsegula masamba khumi ndi asanu, ilemera ngati ina iliyonse. Chomwe chimadya RAM kwambiri masiku ano ndi pulogalamu yotsegulira intaneti, ndipo imeneyo ndi yofanana paliponse. Mint ya Xfce imayenda bwino pa 4 GB popanda thukuta lonseli. Ngati muli ndi kandalama, chotsani hadi disiki yozungulira ija muikemo SSD. Kusintha kumene muone pamenepo n'kwakukulu kuposa kusankha pakati pa Arch ndi Mint.

Dziwaninso kuti Arch inasiya makompyuta a 32-bit mu 2017.

Nanga za kusukulu ndi za kuntchito zigwira?

Funso ili ndi la Linux yonse, osati Arch yokha. Microsoft Word ndi Excel za pa kompyuta sizigwira pa Linux. LibreOffice imatsegula ndi kusunga mafayilo a docx, koma nthawi zina matebulo ndi manambala a masamba zimasuntha fayiloyo ikatsegulidwa pa Word. Ngati aphunzitsi alola PDF, vuto latha. Ngati akufuna docx, kaioneni kaye pa kompyuta ya mnzanu musanatumize.

A ku Mzuni omwe amaphunzira za nkhalango, za malo kapena za madzi adzakondwa kumva kuti QGIS, pulogalamu yopangira mapu, imayenda bwino kwambiri pa Linux, koma ArcGIS Pro ndi AutoCAD ayi. Owerengera ziwerengero za kafukufuku ali ndi R, ndipo PSPP imafanana ndi SPSS pa zinthu zoyambirira, ngakhale siikwanitsa zonse. Amene amapanga makadi a ukwati ndi zikwangwani ndi CorelDRAW kapena Photoshop asachotse Windows. Inkscape ndi GIMP zilipo ndipo n'zamphamvu, koma kasitomala akabwera ndi fayilo yake ya Corel sadikira kuti inu muphunzire.

Pirintala pa Mint kawirikawiri imangodziwika yokha mukalumikiza. Pa Arch muyamba mwaika CUPS, pulogalamu yoyendetsa mapirintala, kuiyatsa, kenako kufunafuna dalaivala, kapulogalamu koti kompyuta imvane ndi pirintala yanuyo.

Ikandivuta ndipita nayo kwa ndani?

Amisiri ambiri okonza makompyuta m'tauni muno anazolowera Windows. Mukawapititsira laputopu ya sikirini yakuda yolemba zachilendo, mankhwala omwe ambiri angakupatseni ndi kufomata n'kubwezeramo Windows, mafayilo anu n'kupita nawo limodzi mukapanda kuwachenjeza. Sindikuwanyoza, ndi ntchito yomwe msika umawapatsa. Wodziwa Ubuntu mungamupeze pakati pa ophunzira za ICT kapena ogwira ntchito zosamalira maseva. Wodziwa Arch ndi wosowa.

Mthandizi wanu weniweni ndi Arch Wiki. Kunena chilungamo, ndi limodzi mwa mabuku abwino kwambiri a Linux omwe alipo, moti ngakhale a Ubuntu ndi Debian amakawerenga komweko. Koma ndi la Chingerezi cha akatswiri, ndipo silikunyengererani. Limayembekezera kuti mawu omwe simukuwadziwa mukawafufuza nokha. Ndipo poti kompyuta yafa, muliwerengera pa kasikirini ka foni, n'kumakopera malamulo chilembo chimodzichimodzi.

Chizolowezi china cha a Arch: musanapange apudeti, onani kaye nkhani zatsopano pa archlinux.org. Nthawi zina amalengeza kuti kusintha kwakutikwakuti kukufuna kuti muchitepo kanthu ndi manja anu. Wosawerenga amadzadabwa yekha.

AUR yomwe amaitamayo ndi chiyani?

Ndi nkhokwe ya malangizo opangira mapulogalamu omwe sali m'nkhokwe yovomerezeka ya Arch. Pafupifupi chilichonse chomwe mungachifune chilimo, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zomwe anthu amaikondera Arch. Koma aliyense akhoza kuikamo zake, ndipo eni Arch sayendera chilichonse. Mumayenera kutsegula fayilo ya PKGBUILD n'kuwerenga kuti ikutenga zinthu kuti ndipo ichita chiyani pa kompyuta yanu. Woyamba sadziwa chomwe akuyang'ana, amangovomera. Pa kompyuta yomwe mumalowerapo ku banki, kuvomera mwachimbulimbuli koteroko n'koopsa.

Bwanji Manjaro kapena EndeavourOS?

Zonsezi zinamangidwa pa Arch ndipo zimaikidwa mokanikiza ndi mausi ngati Mint. EndeavourOS, yomwe inayamba mu 2019, imatenga mapulogalamu ake ku nkhokwe za Arch zenizenizo. Manjaro ili ndi nkhokwe zakezake ndipo imachedwetsako zatsopano pang'ono, zomwe nthawi zina zimasemphana ndi za mu AUR. Zimachotsa vuto la tsiku loyamba, koma nkhani ya bandulo ndi yomweyo.

Wina akakuuzani kuti Steam Deck, kachipangizo ka magemu ka kampani ya Valve, imayendera Arch ndipo ana akuigwiritsa ntchito, akunena zoona. Kungoti kumeneko akatswiri a Valve ndi omwe amayesa apudeti iliyonse isanafike kwa anthu, ndipo mbali ya m'kati anaitseka kuti munthu asaisokoneze.

Ndikufuna ntchito ya za makompyuta. Arch indithandiza?

Maseva ambiri omwe mudzawapeze kuntchito amayendera Ubuntu, Debian kapena a banja la Red Hat, chifukwa bwana safuna seva yosinthasintha sabata iliyonse. Wolemba ntchito sadzakufunsani za pacman. Koma zomwe Arch imakukakamizani kudziwa, monga kugawa disiki, systemd yomwe imayatsa ndi kuyendetsa mapulogalamu a m'kati, zilolezo za mafayilo, kuwerenga uthenga wa vuto m'malo mochita mantha, n'zomwezo zomwe mudzagwiritse ntchito pa seva ya Ubuntu usiku zinthu zitavuta. Zonsezi mukhozanso kuziphunzira pa Debian mutatsegula mwadala terminal, malo olembera malamulo. Kusiyana kwake n'koti Debian imakulolani kuzemba, pomwe Arch siilola.

Ndingailawe bwanji osawononga zomwe ndili nazo?

Njira yabwino ndi VirtualBox, pulogalamu yaulere yomwe imapanga kompyuta yongoyerekeza m'kati mwa Windows kapena Mint. Muikemo Arch, muiphe, muidzutse, muiphenso. Mafayilo anu enieni sakhudzidwa. Ndi RAM ya 8 GB zimayenda bwino. Ndi 4 GB muzipirira, koma poti poyamba mulibe zithunzi, zimatheka.

Njira ina ndi kupeza hadi disiki yakale yotsika mtengo, kuchotsa yanu n'kuisunga m'kabati, kenako kuseweretsa inayo.

Kuika Windows ndi Arch pa disiki imodzi ndi kotheka, koma kwa woyamba ndi komwe ngozi zambiri zimachitikira. Mukasankha njira imeneyi, yambani mwaona ngati BitLocker, loko ya Windows yotsekera disiki, ndi yoyatsa n'kusunga kiyi yake, ndipo zimitsani Fast Startup mu Windows. Musadabwenso mukaona wotchi ya Windows yatsalira ndi maola awiri mukachokera ku Linux. Linux imasunga nthawi ya UTC, yomwe maiko onse amawerengerapo nthawi zawo, m'kati mwa kompyuta pomwe Windows imayembekezera nthawi ya kwanuko, ndipo Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri.

Ndamva zonse, koma ine ndatsimikiza mtima. Ndikonzekere bwanji?

Koperani mafayilo anu onse pa disiki ina, ndipo muwatsegule kumeneko kuti muone ngati akoperekadi. Sankhani tsiku lopanda mayeso kapena ntchito yofunika mawa lake. Foni ikhale yodzaza moto ndi bandulo yokwanira magigabaiti angapo, ndipo chingwe cha USB chikhale pafupi: Wi-Fi ya malaputopu ena, makamaka okhala ndi kachipangizo ka Broadcom, imakana poyamba, pomwe intaneti ya pa foni yodzera pa chingwe kawirikawiri imangogwira.

Tsatirani malangizo oikira a pa Arch Wiki, osati vidiyo ya pa YouTube ya zaka zinayi zapitazo, chifukwa zinthu zinasintha. Pambali pa kernel ya masiku onse ikaninso linux-lts, kernel yokhalitsa, kuti yatsopano ikadzakana muzikhala ndi ina yodzutsira. Lembani m'kope lamulo lililonse lomwe mwalemba ndi chifukwa chake. Fulashi ya Arch ija musaifomate kuti muikemo nyimbo; isungeni m'chikwama cha laputopu, pamodzi ndi ina ya Mint ngati mungakwanitse ziwiri.